"Bwalo sililipira lendi": mkangano wanga ndi azakhali pa Nathenje

Mwezi wathawu azakhali anga adanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Lidali pepala long'amba m'kope la mwana wasukulu, lojambulidwa ndi bolopeni: mizere iwiri ya timabokosi, sikisi uku sikisi uko, pakati kanjira kowonda ngati lamba. Pansi pake mmisiri adalemba kuti "zitseko 12".

Azakhaliwo adapuma ntchito yauphunzitsi, ndipo kangachepe komwe adalandira akufuna kukathira konse pa poloti yawo ya pa Nathenje, kamtunda pang'ono kuchokera pamsewu wa M1. Akufuna midadada ya lendi, kuti ukalamba usadzawapeze akupempha ana ndalama ya sopo. Pamenepo palibe cholakwika. Chomwe chidandibaya ndi kamtanda komwe mmisiri adaika pakona ya pepalalo. Pakonapo pali mtengo wa mango womwe ndidakula ndikukwera patchuthi chilichonse. Kamtandako tanthauzo lake ndi nkhwangwa.

Ndidaimba foni nthawi yomweyo.

"Azakhali, nanga mabanja 12 amenewa azidzaphikira pati? Zovala azidzayanika kuti? Ana azidzasewera mumsewu?"

"Iwe mwana iwe, sukulu yakupengetsa eti? Bwalo sililipira lendi. Cholipira lendi ndi chitseko."

Ndidaseka, koma mawuwo adandikhala pamtima. Chifukwatu ameneyu ndiye pulani yeniyeni yomwe ikumanga Nathenje, ikumanga Mitundu, ikumanga malo onse a malonda ozungulira Lilongwe. Sidalembedwe m'buku lililonse la khonsolo, koma mwini poloti aliyense amaidziwa pamtima.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe mudali anthu pafupifupi 990,000, pomwe m'madera akumudzi a boma lomweli mudali anthu oposa 1.6 miliyoni. Malire a awiriwa ali pamapu pokha. Lendi ikakwera m'tauni, anthu amasendera kunja, kutsata msewu. Mukaima pa Nathenje m'mamawa mudzaona anthu akulimbirana maminibasi opita m'tauni, madzulo n'kubwerera kudzagona. Ku Mitundu nako kuli chokoka chake: msika waukulu wa mbewu, chipatala, masukulu, komanso Bunda, yomwe idachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala phata la LUANAR. Ophunzira adachuluka kuposa malo ogona a pasukulupo, ndiye ambiri amasaka zipinda m'midzi yozungulira.

Nyumba zambiri zomwe zikulandira anthu amenewa sizikumangidwa ndi boma kapena Malawi Housing Corporation, yomwe yakhalapo kuyambira 1964. Akumanga ndi aphunzitsi opuma ngati azakhali, ogula soya ndi mtedza, alimi a fodya, ndi anyamata a ku Joni omwe amatumiza ndalama ya simenti mwezi ndi mwezi. Tikamva za mafulati timaganiza za nyumba zosanja za m'tauni. Koma mdadada ndi fulati ndithu, kungoti siidaimirire, idagona pansi. Mabanja ambiri, denga limodzi, khoma limodzi pakati, chimbudzi chimodzi kuseri. Funso lomwe akatswiri amadzifunsa pojambula nyumba zosanja, loti anthuwa azikumana pati ndipo azithawana pati, ndi lomwelo lomwe mmisiri wa azakhali adaliyankha ndi kanjira kowonda kaja.

Kanjira kameneka ndikukadziwa bwino. Ndidakhalamo.

Nditamaliza digiri, ntchito isadapezeke, ndidakagona kwa msuweni wanga yemwe ankaphunzira ku Bunda ndipo ankachita lendi cha ku Mitundu. Nyumba yake idali ndendende pepala la azakhali: mizere iwiri yoyang'anana, pakati poti anthu awiri sangapatukirane mmodzi atasenza ndowa. Ukatsegula chitseko mwamphamvu unkagunda mbaula ya mnzako. Utsi wa makala unkangozungulira mommo n'kulowa m'zipinda. Zovala tinkayanika pa zitsulo za mawindo, zamkati tinkayanika m'nyumba, ndipo nyengo ya mvula chipinda chonse chinkanunkha chinyezi.

Mungaganize kuti anthu opanikizana chonchi amadziwana. Ayi ndithu. Tinkadziwana ndi manambala: wa nambala 4, mayi wa nambala 9. Tinkamva zonse za wina ndi mnzake kudzera pakhoma, kutsokomola, kukangana, nyimbo za pafoni, koma sitidakhalepo pansi limodzi ngakhale tsiku limodzi, chifukwa panalibe pokhala. Pokumana pathu padali pamzere wa kubafa 5 koloko m'mawa, aliyense nkhope ili gwa, komanso pa gulu la WhatsApp lomwe ntchito yake idali imodzi: kutukwanizana mayunitsi akatha, kufufuza yemwe akuphikira nyemba pa hotipuleti.

Tsiku lina khanda la banja la kumapeto lidamwalira usiku. M'mawa achibale ndi a mpingo adafika. Amayi adayala zitenje m'kanjira muja, miyendo yopinda, misana yotsamira zitseko za anthu. Abambo adakakhala panjerwa m'mphepete mwa msewu, njinga zamoto zikuwathira fumbi. Ife ena tinkasowa potulukira. Ndidalumpha miyendo ya amayi olira ndili ndi mswachi m'manja, ndipo mpaka lero ndikakumbukira manyazi amandigwira. Dzina la bambo wa khandalo ndidalimva koyamba tsiku limenelo, titakhala khoma limodzi miyezi inayi.

Titasamuka, tidapeza chipinda kwa bambo wina yemwe kale ankalima fodya wa bale. Iwowa sadawerengepo buku la mapulani. Chomwe chidachitika n'choti pakati pa malo awo padali chigafa, ndipo pomwe ankamanga zipinda za lendi adali asadasiye fodya, ndiye adamanga mozungulira: mzere kumanzere, mzere kumanja, wina kumbuyo, zitseko zonse kuyang'ana pakati. Atasiya fodya, chigafacho adachifolera ndi malata akale n'kuchisiya. Mpopi adauika pambali pake chifukwa ndi pomwe paipi idafika mosavuta.

Zipinda zidali zofanana ndi zoyamba zija, mwinanso zocheperapo. Koma moyo wake udali wina. Mvula ikagwa mbaula zonse zinkalowa m'chigafa, ndipo ukaphika pafupi ndi munthu masiku atatu sungalephere kumupempha mchere. Zingwe zoyanikira zidali momwemo. Madzulo abambo ankatchera bawo, ana kusewera fulaye pabwalo mayi aliyense akuwaona ali pakhomo pake. Ophunzira ankakoka waya n'kuikapo babu, kuwerenga mpaka usiku. Loweruka masana amayi ankachita banki mkhonde. Taganizirani dzinalo: banki mkhonde. Chinthu chomwe chikupulumutsa mabanja ambiri m'dziko muno chidatchulidwa ndi dzina la malo omwe amisiri athu ayamba kuwachotsa pa pulani.

Ndipo ndi pomwepo pomwe malungo adandigwira, msuweni wanga atapita kumudzi. Ndidagona osadzuka, foni itazima. Mayi wina wa chitseko choyang'anana ndi chathu adaona kuti dzuwa lakwera, ndowa yanga siidafike pampopi, katani silidasunthe. Adagogoda.

"Achimwene, mwadzuka bwanji mmenemo? Tatsegulani tikuoneni."

Adaitana wa kabaza, mwana wawo wamkulu n'kukhala kumbuyo kundigwira mpaka kuchipatala. Sindikunena kuti mayiwa adali abwino mtima kuposa a ku mdadada woyamba uja. Kumeneko kudalinso anthu abwino. Kusiyana kwake n'koti awa ankatha kuona chitseko changa ali pa ntchito zawo, ndipo ankadziwa nthawi yomwe ndimatunga madzi.

Katswiri wina wa mapulani wa ku Denmark, Jan Gehl, adatulutsa buku mu 1971 lotchedwa Life Between Buildings. Mfundo yake yaikulu ndi yoti kucheza sikulamulidwa. Kumamera pa zinthu zomwe anthu amachita mokakamizika, monga kutunga madzi, kudikira basi, kutaya zinyalala, ngati malowo ali oti munthu angaimepo kanthawi osapsa ndi dzuwa kapena kugundidwa. Nditamva zimenezi koyamba ndidaganiza za agogo anga, omwe sadapiteko ku Denmark.

Mudzi wa Achewa udamangidwa motero kuyambira kale. Nyumba za mbumba imodzi zinkayandikana, makonde kuyang'anana, nkhokwe ndi mitondo pakati. Anyamata ankagona ku mphala. Pa chidyerano mayi aliyense ankabweretsa mbale yake, ndipo mwana wa pakhomo lopanda ndiwo ankadya nawo popanda womuloza chala. Bwalo lidali la milandu, la gule, la misonkhano. Palibe ankati ndi malo owonongeka. Ife ndi amene tafika pa poloti ya mamita owerengeka, tepi m'manja, n'kuyamba kuona dothi lililonse lopanda denga ngati ndalama yotayika.

Apa ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa zomwe ena mukulemba kale m'mitima mwanu. Ambirife tidathawa kumudzi chifukwa cha maso omwewo. Pabwalo pomwe amaona kuti wadwala ndi pomwenso amawerenga kuti wabwera ndi ndani usiku, wagula nyama kangati mwezi uno, chifukwa chiyani sudakwatirebe. M'chigafa muja mudali miseche yoti ikadakhala magetsi bwenzi Mitundu yense akuwala. Wachinyamata aliyense yemwe ndimamudziwa, ine ndemwe, maloto ake ndi self-contained, geti yakeyake, mita yakeyake. Sindikunyoza maloto amenewo. Koma tinene zoona, ndi angati mwa ife omwe malipiro awo akufika pamenepo? Ambiri tikhala m'midadada zaka zambiri zikubwerazi, ndipo ana athu oyamba adzabadwira mmenemo. Mdadada woyamba uja sudandipatse chinsinsi chilichonse. Udangondimana bwalo, miseche n'kumadutsabe pakhoma.

Nyumba yabwino imapatsa munthu zonse ziwiri: pothawira ndi potulukira. Kakhonde kakekake, ngakhale kokwana mpando umodzi ndi thandala la mbale, kuti ukhale panja koma uli pako. Kenako bwalo la onse, loti ukafuna upite, ukapanda kufuna ungolonjera uli patali. Zimbudzi zisabisike kuseri kwa mdima komwe mtsikana amaopa kupita usiku, komanso zisayang'ane pophikira. Izi sizifuna simenti yambiri. Zimafuna kuti wina aziganizire asadakumbe maziko.

Mayiko omwe adamanga nyumba zosanja zochuluka adakumana ndi funso lomweli, ndipo mayankho ena amachita ngati adawafunsa Amalawi. Ku Singapore, komwe anthu pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse amakhala m'mafulati omangidwa ndi bungwe la boma la HDB, kuyambira m'zaka za m'ma 1970 adayamba kusiya pansi pa nyumba zambiri popanda zipinda. Pamangokhala zipilala, simenti ndi mabenchi. Amati void deck. Pamenepo ndi pomwe mabanja achi Malay amachitira maukwati, achi China kugonera maliro, okalamba kucheza, ana kuthawira mvula. Dziko lomwe malo ndi odula kuposa golide lidasiya nsanjika yathunthu yosalipira lendi. Nditaona zithunzi zake ndidati, ichi ndi chigafa cha ku Mitundu chija, changovala suti.

Ku Vienna, m'dziko la Austria, khonsolo ya mzinda idatsegula nyumba ya Karl-Marx-Hof mu 1930. Ndi yaitali kuposa kilomita imodzi, ya mafulati pafupifupi 1,400, koma idangodya gawo losafika kota la malo ake. Kwina konse ndi mabwalo ndi minda ya maluwa. Mafulatiwo adali aang'ono, a anthu ogwira ntchito wamba, ndiye adaikamo malo ochapira a onse, mabafa, sukulu za mkombaphala ndi laibulale. Mpaka lero anthu akukhalamo.

Komatu azakhali anga si munthu wogonja ndi zithunzi za kunja. Nditawauza zonsezi adangofunsa funso limodzi, ndipo ndi funso lomwe lidandisowetsa tulo: "Nanga azidzasesa ndani?"

Akunena zoona. Cha onse chimasanduka cha palibe mwini mosavuta. Aliyense amene adakhalapo m'nyumba ya lendi akudziwa chimbudzi chomwe aliyense amalowa atatseka mphuno koma palibe wogwira tsache. Ndipo izi si nkhani ya fungo lokha. Kolera yomwe idayamba mu Marichi 2022 n'kupitirira mu 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ili m'gulu la maboma omwe adakhudzidwa kwambiri, moti mu Januwale 2023 masukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre adachedwa kutsegulidwa. Pomwe anthu ambiri amagawana madzi ndi chimbudzi ndi pomwe matendawa amathamanga, ngati palibe dongosolo.

Ku America kuli chitsanzo chomwe ophunzira mapulani amaphunzitsidwa ngati chenjezo. Mumzinda wa St. Louis adamanga Pruitt-Igoe m'zaka za m'ma 1950, nyumba 33 za nsanjika 11 iliyonse. Wojambula wake, Minoru Yamasaki, adaikamo makonde aakulu a onse kuti anthu azicheza ndi kuchapa, ndipo zikepe zinkaima pa nsanjika zina zokha. Papepala zidali zokongola. Koma ndalama yokonzetsera inkadalira lendi, anthu atayamba kuchokamo idasowa, mababu ndi zikepe zikawonongeka osakonzedwa, makonde aja n'kusanduka malo oopsa. Mu 1972 adayamba kuzigwetsa ndi mabomba. Zifukwa zidali zambiri, umphawi ndi tsankho zili momwemo, koma chimodzi chikuonekeratu: adajambula malo a onse osakonza za wowasamala.

Yankho la funso la azakhali ndidalipeza pafupi, pamjigo. Mudzi uliwonse womwe mjigo wake ukugwirabe ntchito patapita zaka uli ndi komiti: pali wosunga kiyi, wotolera ndalama ya mwezi, nthawi yotsegula ndi yotseka, chindapusa cha wochapira pamutu pa mjigo. Mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, adalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, mkazi woyamba kutero, chifukwa chofufuza zinthu zonga zomwezi m'mayiko osiyanasiyana: nkhalango, msipu, ngalande zothirira. Adapeza kuti za onse zimakhalitsa pamene zikudziwika kuti "onsewo" ndi ndani, malamulo apangidwa ndi ogwiritsa ntchito eniake, pali woyang'anira, ndipo chilango chimayamba chaching'ono n'kumakula.

Kwa bambo a chigafa kuja zidali chimodzimodzi, ngakhale palibe adazitcha dzina. Pachipilala padakhomedwa katoni yolembedwa masiku ndi zitseko: Lolemba nambala 1 ndi 2 kusesa ndi kutsuka zimbudzi, Lachiwiri 3 ndi 4, choncho. Mayi yemwe adakhalitsa kuposa onse ndiye adali "apampando", ndipo eni nyumba ankawadulirako lendi pang'ono chifukwa cha ntchitoyo. Wolumpha tsiku lake ankagula sopo wa kubafa. Kulumphanso, nkhani inkafika kwa eni nyumba. Mikangano idalipo, ina yoopsa ndithu, koma idali ndi pokambira, ndipo pokambirapo padali mthunzi.

Chinanso chomwe ndidaona: chiwerengero. Tidali zitseko khumi. Aliyense ankadziwa mlendo akangolowa pageti. Zikadakhala zitseko 40 pabwalo limodzi, sindikukhulupirira kuti katoni ija ikadagwira ntchito. Amene ali ndi malo aakulu bola agawe timabwalo tingapo kusiyana ndi chibwalo chimodzi chonga cha mpira.

Pamalamulo, zinthu zidasintha papepala. Malamulo a malo a 2016 adabwera ndi Physical Planning Act, yomwe idati ntchito yokonza mapulani ifike dziko lonse, osati m'mizinda mokha. Ndiye kuti Nathenje ndi Mitundu sali kunja kwa nkhaniyi. Koma ine sindikudikira kuti ofesala wa khonsolo adzafika pa poloti iliyonse ndi tepi kudzayeza bwalo. Chigamulo chenicheni chikuchitika pa pepala la m'kope, pakati pa mwini ndalama ndi mmisiri, masana amodzi. Ndipo njerwa ikangokhazikika, yakhazikika. Mdadada womangidwa chaka chino udzakhalapo mwana wobadwa lero akudzakwatira. Yendani ku Mtandire kapena ku Mgona muone mmene zimavutira kupeza podutsa paipi kapena ambulansi nyumba zitathinana kale. Ku Mitundu ndi pa Nathenje mpata ukadalipo, koma ukutha poloti ndi poloti.

Ifenso a lendi tili ndi mbali yathu. Tikamasaka nyumba pa Facebook timafunsa za matailosi, siling'i ndi mita. Ndi angati adafunsapo kuti poyanika pali pati, mvula ikagwa ndiphikira kuti, zitseko zingati pa chimbudzi chimodzi? Eni nyumba amamanga zomwe zimafunsidwa. Matailosi adafala chifukwa tidawafunsa.

Loweruka lapitali ndidakwera minibasi kupita ku Nathenje ndi pepala langa, nalonso la m'kope. Zitseko khumi, zokhota ngati chibakera chotsegula, mango pakati, kashedi ka malata pambali pake, mpopi ndi sinki yochapira pomwepo, zimbudzi zitatu pakona yoonekera, geti imodzi. Mmisiri adaliyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti makona amadya mabuloko ambiri ndipo denga lokhota limavuta kukhoma. Sadaname.

Azakhali adatenga bolopeni. Zitseko ziwiri zochotsedwa, kuchulukitsa ndi miyezi 12, ndi malendi 24 pachaka. Pa zaka khumi, 240. Adandikumbutsa kuti chichokereni pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti ndi malata sudabwererenso pansi, ndipo ndalama yomwe ankaganiza kuti imanga nyumba yonse tsopano ikuthera pa mawindo. "Ukundiuza kuti nditaye malendi 240 chifukwa cha mango? Ukadzandidyetsa ndiwe?"

Ndidayesa kuwerengera mbali inayo. Ku mdadada woyamba uja anthu sankakhalitsa. Miyezi itatu, inayi, wasamuka, ena kuthawa usiku ndi ngongole, chipinda n'kukhala mwezi wathunthu chopanda munthu. Kwa bambo a chigafa, chipinda chikangotsala pang'ono kutuluka munthu, okhalamo adali atapeza kale wachibale kapena mnzawo wolowamo, ndipo wothawa ndi lendi akadathawa bwanji anthu khumi akumuona? Ndidawauzanso kuti malo okhala ndi mthunzi ndi poyanika angathe kukwera mtengo pang'ono. Koma ndilibe manambala otsimikizira zimenezi, ndili ndi maso anga okha, pomwe iwo ali ndi 240 yolembedwa ndi bolopeni. Ndipo penshoni ndi yawo, si yanga.

Mmisiri ndiye adabweretsa ganizo lachitatu. Adati ngati nkhani ndi zitseko, bwanji maziko a mzere wakumbuyo akhale olimba, a zitsulo, kuti mtsogolo adzathire silabu n'kukweza zipinda pamwamba, masitepe ndi khonde lake kuyang'ana pabwalo. Zitseko zidzapitirira 12, mango ali chiimire. Adachenjeza yekha kuti zosanja si zongoyerekeza, zimafuna injiniya ndi pulani yovomerezeka, ndipo maziko akewo ndi odula. Azakhali adangoti mmm, mmm uja wa aphunzitsi, wosadziwika ngati wakhoza kapena walakwa.

Pomaliza chidagamula ndi thumba. Ndalama yomwe ilipo ikukwana mzere umodzi wokha, zitseko sikisi. Adagwirizana zoyamba ndi mzere wakutali ndi mtengo, womwe uli pa mapepala onse awiri, langa ndi la mmisiri. Za mzere wachiwiri adati tidzakambirana akadzagulitsa soya chaka chamawa.

Pomwe ndinkanyamuka, anyamata okumba maziko adali ataweruka kukadya. Adasanja mabuloko anayi pansi pa mango paja, poto wa nsima pakati, mafoni awo ali pa nthambi. Mmisiri naye adali pomwepo, nsapato atavula. Ndidawayang'ana azakhali osanena kanthu.

"Usandiyang'ane choncho," adatero akundiperekeza ku siteji. "Amenewo salipira lendi."